Njira ya Dzulo: Mbiri ya Kafukufuku wa Mmene Ana a Autism Amadziwira Malo

Tsiku limene banja la John linkasamuka, mwanayo anasokonezeka kotheratu. Ataona anthu onyamula katundu akupinda kapeti ya m'chipinda chake, anachita ngati dziko latha, ndipo panalibe womutonthoza. Mtima wake unakhala pansi pokhapokha atalowa m'nyumba yatsopano n'kupeza katundu wa m'chipinda chake wayalidwa mmene analili kunyumba yakale. Pamenepo nkhope inawala, ndipo anazungulira chipinda chonse akusisita katundu aliyense mwachikondi.

Analemba nkhaniyi ndi Leo Kanner, dokotala wa maganizo a ana pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Mu 1943 iye anafotokoza za ana 11, anyamata 8 ndi atsikana 3, omwe khalidwe lawo lero timalitcha autism. Ambiri amakumbukira lipotilo chifukwa cha zimene linanena pa kusacheza ndi kusayankhula kwa anawo, koma nkhani ya malo ilimonso ponseponse. Ana ena akaika timatabwa tosewerera mwa dongosolo lawo, ankakumbukira pamene kalikonse kanali ngakhale patapita masiku, ndipo wina akachotsa kamodzi kokha ankazindikira msanga. Pa mayeso olowetsa timatabwa ta maonekedwe osiyanasiyana m'mabowo ake, ankachita bwino. Pambuyo pake Kanner analembanso za mwana amene akapita kokayenda ankaumirira kuponda momwe anaponda ulendo wapitawo. Dokotalayo anaona zonsezi ngati kufunitsitsa kuti zinthu zisamasinthe, ndipo anthu ambiri anaima pomwepo kwa zaka makumi angapo. Funso loti mwana woumirira njira ya dzuloyo amaiona bwanji njirayo m'mutu mwake silinafunsidwe msanga.

Panthawi yomweyo, anthu ena amene analibe nawo ntchito autism ankafufuza mmene zamoyo zimapezera njira. Edward Tolman wa ku Berkeley anaphunzitsa makoswe kudutsa njira yokhotakhota yopita kuchakudya, kenako anaitseka n'kutsegula njira zina zambiri. Makoswe ochuluka anasankha njira yolunjika kumene kunali chakudya, ngakhale anali asanaipondepo. Mu 1948 Tolman ananena kuti khoswe amakhala ndi mapu m'mutu, osati kungoloweza kuti apa ndikhote kumanja, apo kumanzere. Mu 1971 John O'Keefe, ku London, anapeza maselo m'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus omwe amayamba kugwira ntchito khoswe akafika pamalo enaake. Mu 2005 May-Britt Moser ndi Edvard Moser ku Norway anapeza maselo ena amene amathandiza ubongo kuyeza mtunda, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Kwa ana, mfundo yothandiza kwambiri inachokera kwa Alexander Siegel ndi Sheldon White mu 1975. Iwo anati kudziwa malo kuli pa masitepe atatu. Mwana amayamba ndi zizindikiro: mtengo waukulu uja, chigayo, nyumba ya chitseko chofiira. Kenako amalumikiza zizindikirozo kukhala njira, kuti ukapitirira chigayo ukhote, ukafika pamtengo uwoloke. Pomaliza amakhala ndi chithunzi cha dera lonse, ngati mmene khwangwala amalionera ali m'mwamba. Munthu wa pa sitepe yachiwiri amafika bwinobwino kumene akupita malinga ngati palibe chasintha. Wa pa sitepe yachitatu ndi amene amati mlatho ukakokoloka amadziwa kozungulira, ndipo amatulukira njira yachidule popanda womuuza. Akatswiri anatsutsana pambuyo pake ngati masitepewa amatsatanadi motero nthawi zonse, koma kusiyana kwa njira yoloweza ndi mapu a m'mutu kunakhalabe.

Mitsinje iwiriyi, kafukufuku wa autism ndi wa kupeza njira, inatenga nthawi kuti ikumane, chifukwa kafukufuku wa autism anayamba wakhala patebulo. Mu 1983 Amitta Shah ndi Uta Frith ku London anapatsa ana chithunzi chachikulu chimene mkati mwake munabisika kachithunzi kakang'ono, monga kamakona atatu kobisika m'mizere ya chojambula china. Ana a autism anakapeza bwino kuposa anzawo. Mu 1993 awiriwa anaonetsanso kuti achinyamata a autism ankafulumira kusanja timabokosi topakidwa utoto kuti tifanane ndi chitsanzo, ntchito imene imafuna kuti diso lithe kugawa chithunzi m'zidutswa. Frith, m'buku lake la mu 1989, anafotokoza kuti anthu ambiri amayamba aona chinthu chathunthu, zidutswa n'kubwera pambuyo, pamene kwa anthu a autism chidutswa chimaonekera chokha mowala kwambiri. Mu 2001 Michelle O'Riordan ndi anzake ku Cambridge anapeza kuti ana a autism ankapeza msanga chinthu chimodzi chosiyana pakati pa zambiri zofanana nacho pakompyuta.

Zotsatirazi zinali nkhani yabwino, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Kwa zaka zambiri makolo ankangomva mndandanda wa zimene mwana wawo sangathe, ndipo ena ankaimbidwa mlandu woti ndiwo anamulakwira posamukonda mokwanira. Tsopano akatswiri anali kunena poyera kuti pali zimene anawa amachita bwino kuposa anzawo. Anthu wamba anaona umboni wake pa wailesi yakanema. Stephen Wiltshire, wobadwira ku London mu 1974, anachedwa kwambiri kuyankhula, koma mu 1987 BBC inamuonetsa ali mnyamata akujambula nyumba zikuluzikulu za mumzindamo kuchokera m'mutu. Mu 2005 anakwera helikopita pamwamba pa Tokyo, ndipo atatsika anajambula mzindawo pachinsalu chotalika mamita 10 kwa masiku 7. Temple Grandin naye, m'buku lake la mu 1995, anafotokoza kuti amaganiza m'zithunzi, moti ankatha kuyendera m'mutu mwake makola ndi tinjira ta ng'ombe timene ankakonza tisanamangidwe n'komwe.

Vuto linabwera pamene anthu analumpha kuchoka patebulo kupita pamsewu. Zinayamba kumveka ngati zodziwikiratu kuti mwana wa diso lakuthwa chotero sangasochere. Koma chithunzi cha patebulo umachiona chonse nthawi imodzi uli chikhalire. Msika kapena siteshoni suiona yonse. Umaona kagawo, n'kutembenuka, kagawo kaja n'kutsala kumbuyo, ndipo ubongo uyenera kusunga zimene zadutsa n'kuzilumikiza ndi zimene zikubwera, thupi likuyenda komanso makutu akumva phokoso.

Ena mwa oyamba kuyesa zimenezi moonadi anali gulu la Marie-Josée Caron ndi Laurent Mottron ku Montreal. Mu 2004 anayendetsa achinyamata ndi akuluakulu a autism m'tinjira tosokoneza tomangidwa kukula koti munthu n'kulowamo. Pophunzira njira ndi kubwerera m'mbuyo, iwo anachita mofanana ndi anzawo, osaposa ndiponso osachepa. Pamene anaposa panali pa ntchito za mapu a papepala. Luso lija linalipodi, koma linkaoneka bwino pamene malo asandutsidwa chithunzi.

Kafukufuku amene ine ndimamuona kuti anatsegula maso ndi wa Elizabeth Pellicano ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011. Ku Bristol anakonza chipinda chimene pansi pake anaikapo magetsi 16 obiriwira. Mwana ankalowa yekha n'kumayenda akudina magetsiwo, kufunafuna limodzi lomwe likadinidwa limasanduka lofiira. Panali chinsinsi chimene anawo sanauzidwe: maulendo 80 mwa 100 alionse, getsi lofunikalo linkakhala mbali imodzi ya chipindacho. Anayesa ana 20 a autism ndi ana 20 ena a msinkhu ndi nzeru zofanana. Malinga ndi zimene zinkakhulupiriridwa panthawiyo, zoti ana a autism amagwira msanga malamulo ndi dongosolo la zinthu, iwo anayenera kupambana mosavuta. Sizinatero. Anachedwa kuzindikira kuti mbali imodzi ndiyo yopindulitsa, ankayenda mozungulira kwambiri, ndipo ankabwerera kawirikawiri kukadina magetsi amene anadina kale. Ana amene pakompyuta akanapeza kadontho kobisika m'kuphethira kwa diso ankavutika pamene kufufuzako kunafuna miyendo ndi chikumbukiro cha pamene adutsa.

Sophie Lind ndi anzake ku England anapitiriza ndi chilumba cha pakompyuta chotchedwa Memory Island, chimene munthu amayendamo ngati m'masewero. Poyamba chinthu chofunidwa chimakhala ndi mbendera yoonekera patali. Kenako mbendera imachotsedwa, ndipo uyenera kukachipeza podalira mapu amene wapanga m'mutu. Mu 2013 anayesa akuluakulu, mu 2014 ana, ndipo kuvutika kwa anthu a autism kunaonekera pamene mbendera yachoka. Ana omwewo ankavutikanso kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zinawachitikira kale ndi kuyerekezera zimene zingadzachitike. Izi si zodabwitsa kwenikweni, pakuti hippocampus imene imagwira nawo ntchito ya mapu ndi yomweyonso imathandiza kusonkhanitsa zidutswa za chochitika kukhala nkhani imodzi.

Pamafunika kusamala apa. Magulu amene anayesedwa anali aang'ono, kawirikawiri anthu makumi awiri kapena atatu, ndipo ambiri anali oyankhula bwino ndiponso otha kutsatira malangizo a mayeso. Zotsatira za akatswiri osiyanasiyana sizigwirizana zonse. Alipo achinyamata a autism amene amasunga m'mutu mapu a mzinda wathunthu ndi nthawi za mabasi ake onse. Komabe ndikawerenga mbiriyi ndimabwerera kwa mwana wa Kanner uja woumirira kuponda momwe anaponda dzulo. Ngati chimene uli nacho cholimba ndi njira yoloweza, ndipo mapu a dera lonse ndi osalimba, ndiye kuti munthu wamkulu akakukhotetsera kwina wakulanda chinthu chokhacho chimene chimakuuza kumene uli. Kulira kwa mwana wotere pamphambano ndi mantha enieni, ndipo kumutcha wamakani n'kumulakwira.

Pamene akatswiri anali kalikiliki ndi magetsi ndi zilumba, makolo anali ndi nkhawa ina yoopsa: mwana kuchoka pakhomo kapena pasukulu osaoneka. Mu 2012 Connie Anderson ndi anzake a ku Kennedy Krieger Institute ku Baltimore anafalitsa mayankho a mabanja a ana 1,218 a autism. Ana 49 mwa 100 alionse anali atayesapo kuchoka pamalo otetezeka atapitirira zaka 4, ndipo 26 mwa 100 anasowapo nthawi yokwanira kudetsa nkhawa. Mwa osowawo, 65 mwa 100 anatsala pang'ono kugundidwa ndi galimoto, ndipo 24 mwa 100 anali pangozi yomira m'madzi. Makolo ambiri sanafotokoze ana awo ngati osochera. Ankati mwanayo amapita kumalo amene amawakonda, kapena amathawa phokoso ndi zina zomusautsa. Njira yopitira amaidziwa. Chosowa chimakhala kuzindikira ngozi, kufunsa munthu, kutchula dzina lake ndi kwawo, kapena kupeza pobwerera zinthu zikasintha.

Mu Okutobala 2013 Avonte Oquendo, mnyamata wa zaka 14 wosayankhula, anatuluka pasukulu yake ku Queens mumzinda wa New York. Popeza ankakonda sitima, anthu anamufunafuna m'masiteshoni ndi m'ngalande za sitima zapansi panthaka kwa milungu yambiri. Thupi lake linapezeka m'mphepete mwa East River mu Januwale 2014. Mu 2018 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Kevin and Avonte's Law, lokumbukiranso Kevin Wills wa zaka 9 yemwe anamira mumtsinje ku Iowa mu 2008. Lamuloli limapereka ndalama zophunzitsira apolisi, aphunzitsi ndi makolo, komanso zogulira tizipangizo tosonyeza kumene munthu ali.

Kutseka zitseko ndi kumanga kachipangizo pamkono kumapulumutsa moyo, koma mwana amakula, ndipo tsiku lina adzafuna kupita kuntchito yekha. N'chifukwa chake makhonsolo ambiri ku Britain amaphunzitsa achinyamata kuyenda okha: mphunzitsi amakwera nawo basi, kenako amakhala mpando wakutali, kenako amangotsatira chapatali, mpaka mwanayo atazolowera, kuphatikizapo chochita basi ikachedwa kapena akapitirira potsikira. Ku Brooklyn, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya New York Transit Museum inayamba mu 2011 pulogalamu ya Subway Sleuths, imene imasonkhanitsa ana a autism okonda sitima kuti aphunzire kugwirira ntchito limodzi pogwiritsa ntchito mapu ndi sitima zakale za m'nyumbamo.

Mwana woyamba pamndandanda wa Kanner anali Donald Triplett wa ku Forest, m'chigawo cha Mississippi. Ali mnyamata anakakhala zaka zingapo ndi banja lina la alimi, lomwe litaona kuti amakonda kuwerenga ndi kuyeza zinthu silinamuletse. Anamupatsa ntchito yokumba chitsime kuti azinena kuya kwake, ndipo ankawerenga mizere ya chimanga uku akuilima ndi khasu lokokedwa ndi akavalo. Anaphunzira kuyendetsa galimoto ali ndi zaka 27, ndipo kwa zaka zambiri anthu a m'tauniyo ankamuona akudutsa misewu yake yomweyomweyo, kupita kubanki kumene ankagwira ntchito ndi kubwalo la gofu. Ali ndi zaka 36 anayamba maulendo akunja, ali yekha. Anafika m'maiko oposa 30, ku Egypt katatu, ndipo akabwerako ankasanja zithunzi za ulendowo m'maalubamu. Anamwalira kwawo ku Forest mu Juni 2023 ali ndi zaka 89.