Dzira la nyenyezi kumwera kwa Shire

Kumapeto kwa Meyi, mvula itatha koma utsi wa lupsa usanayambe, thambo la ku Liwonde limayera ngati lachita kutsukidwa. Talikirani magetsi a pa Kamuzu Barrage cha m'ma 9 koloko usiku, mvuu zikulira mu Shire, n'kuyang'ana kumwera. Pamwamba pa nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda, chakumanzere pang'ono, pali kachifunga kowala kotchedwa Omega Centauri. Tambasulani mkono, muyeze zala zitatu pamwamba pake. Ndi magalasi oonera patali, omwe aja alendo amaonera mbalame m'paki, muona kadontho kotuwa.

Kadonthoko ndi mlalang'amba wathunthu, Centaurus A. Kuwala kumene kukukufikani kunanyamuka zaka pafupifupi 12 miliyoni zapitazo, padziko pano pasanaponde phazi la munthu.

Woyamba kuulemba m'kaundula anali James Dunlop wa ku Scotland, mu 1826, ali ku Parramatta ku Australia. Kenaka John Herschel, amene anakhala ku Cape kuyambira 1834 mpaka 1838, anaona kuti chinthucho chili ngati mpira wong'ambidwa pakati ndi lamba wakuda. Lambayo, amene ndi wa fumbi, anazunguza akatswiri kwa zaka zoposa 100. Milalang'amba yooneka ngati dzira imakhala ya nyenyezi zokalamba, fumbi lake n'lochepa; nanga uwu fumbi lonseli unalitenga kuti? Yankho limene ambiri amavomereza lero n'lakuti unameza mlalang'amba wina wocheperapo, ndipo lambayo ndi zotsala za womezedwayo. Mlamba wameza usipa, mchira uli panja.

Dzina lakeli unalipeza mochedwa. Mu 1949 John Bolton, Gordon Stanley ndi Bruce Slee anasonyeza kuti mafunde amphamvu a wailesi ochokera mbali imeneyo ya thambo akutuluka mu mlalang'amba womwewu. Gwero lake ndi dzenje lakuda lapakati, lolemera ngati madzuwa pafupifupi 55 miliyoni.

Koma sukhala wokha. Uli ngati mfumu pamudzi, timilalang'amba tambiri tikuuzungulira, ndipo chapafupi pali mnzake wamkulu, M83, amene Nicolas-Louis de Lacaille anamuona ku Cape komweko mu 1752. Apa mpomwe nkhani ikundikomera ine. Akatswiri ankayembekeza kuti tianato tizingoyenda balalabalala ngati njuchi. Koma mu 2018 Oliver Müller ndi anzake anafufuza 16 mwa timeneti, n'kupeza kuti 14 tikuzungulira molowera kumodzi, titandandalika ngati ovina pabwalo. Mawerengero a pakompyuta amati zoterezi siziyenera kuchitika kawirikawiri, ndipo mkangano wake sunazizirebe.

Mukafuna kuuona, sankhani usiku wopanda mwezi, ndipo foni ikhale m'thumba kwa mphindi 20 kuti maso azolowere mdima.