Nyali ya pa Cape Point ndi Chombo Chotchedwa Lusitania

Chiyambire pamene ana a anthu anayamba kuyenda panyanja yamchere usiku, akhala akusonkha moto pamitunda kuti amalinyero adziwe pamene pabisala miyala. Mafumu a ku Aigupto anamanga nsanja yotchuka ya Pharos ku Alexandria zaka pafupifupi 280 Khristu asanabadwe. Ndipo kumwera kwa Afirika, kumene Bartolomeu Dias anazungulira mu 1488, Adatchi ankangokoleza nkhuni pachilumba cha Robben, kufikira nsanja yoyamba yeniyeni inayaka ku Green Point mu 1824. Izi ndazitchula mothamanga, pakuti mtima wanga uli pa Cape Point.

Kumeneko Angerezi anaimika nsanja yachitsulo, nayatsa nyali yake mu 1860. Ndipo poyesa kuti nyali ikakwera kwambiri idzaonekanso kutali kwambiri, anaiika pansonga penipeni pa thanthwe, mamita oposa 230 pamwamba pa madzi. Koma safunsa anadya phula. Munthu aliyense wa kwathu kuno amene anaonapo phiri la Mphangwe m'mawa wa nyengo yachisanu, nkhungu itafunda pamwamba pomwe kutsinde kuli mbee, akadawauza akatswiriwo kuti mtambo umakhala pamutu pa phiri, osati kumapazi kwake. Alonda ankathira mafuta ndi kupukuta magalasi mokhulupirika, nyali nkuyaka ndithu. Koma kukagwa nkhungu wapanyanja akakweza maso ankangoona mdima, ndipo zinakhala chomwecho zaka 50.

Tsono usiku wa pa 18 Epulo 1911 chombo cha Apwitikizi chotchedwa Lusitania (si chija cha Angerezi chimene Ajeremani anamiza mu 1915 ayi), pochokera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timati Maputo, chinagunda mwala wa Bellows m'kati mwa nkhungu, nichikhala pamwalapo mpaka chinatsetsereka ndi kumira patapita masiku awiri. Mwa anthu oposa 700 amene anali m'menemo anafa 8, bwato lopulumukira litagubuduzika. Ena onse anatuluka amoyo. Pambuyo pa ngoziyi boma linamanga nsanja yatsopano.

Apa ndipo ndifuna mudekhe, abale anga, pakuti olemba mbiri amathamangira kukamba za miyala ndi matope a nsanja yatsopano, osafunsa kuti anadzaza chombocho anali yani. Oposa theka, ndiwo 475, anali antchito achikuda otengedwa ku Mozambique. Ndipo zaka zimenezo ndizo Apwitikizi ankatuta anthu a dzikolo kukalima koko pachilumba cha São Tomé, kumene ambiri ankapita osabwerako. Ife amene chaka ndi chaka timasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, pamodzi ndi mafumu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, tidziwa kuti malire a azungu anadula mtundu wathu pakati, ndi kuti Mano, likulu lakale la Undi, linatsalira mbali ya Apwitikizi. Chifukwa chake anthu ogwidwa chibalo m'dzikolo sitingawayese alendo. Ndipo ndinena mosabisa kuti chikadamira chombo cha antchito okhaokha, mopanda mabwana ndi madona a m'zipinda zapamwamba, ndikayika ngati boma likadatsegula thumba lake msanga chotero.

Ulemu wa ntchito yotsatirayo ine ndiupereka kwa injiniya H. C. Cooper, amene anavomera chimene oyamba aja anakana kuona, natsitsa nyali kufika mamita 87 okha, pamphuno ya thanthwe lotsetsereka koopsa, kunsi kwa mitambo. Ndiponso kwa amisiri ndi onyamula miyala amene anagwira ntchito pamalo oti phazi likaterereka palibe wokakutola. Nyali yatsopanoyo inayaka mu 1919, ndipo kufikira lero ndiyo yamphamvu koposa zonse pagombe la South Africa, yophethira katatu pamasekondi 30 alionse kuti woyendetsa chombo aizindikire pakati pa zinzake. Nsanja yakale ija ikadalipo, koma tsopano imachezeredwa ndi alendo okajambula zithunzi.

Ife nyanja yamchere tilibe, koma timadya za panyanja. Msewu wochoka pa Katete, wodutsa pachipata cha Chanida kulowa ku Tete, umakathera padoko la Beira, kumene nsanja ya Macuti, ya mizere yofiira ndi yoyera, yaima chiyambire 1904. Malole amene amakwera msewu umenewo usana ndi usiku amasenza feteleza ndi mafuta zotsitsidwa m'zombo. Ndipo mlimi wa ku Sinda kapena ku Vubwi akamadandaula kuti thumba lachedwa pomwe mvula yayandikira, kawirikawiri amakalipira wogulitsa wa pamsika, osadziwa kuti katunduyo mwina akadali m'chombo kunja kwa Beira, kudikira madzi adzale kuti chilowe m'kamwa mwa mtsinje wa Pungwe.