Mbumba ndi Magulu a M'mudzi ku Nkhoma

Mbumba ndi gulu la abale pakati pa Achewa lomwe limatsata magazi a mayi. Mumakhala akazi apachibale, ana awo ndi zidzukulu zawo, ndipo amene amawayang'anira ndi mlongo wawo wamwamuna, wotchedwa mwini mbumba. M'midzi ya kumwera kwa boma la Lilongwe, kuyambira ku Nkhoma kwa Mfumu Mazengera, kudzera ku Nathenje pa msewu wa M1, mpaka ku Mitundu, mbumba ndiyo imauza munthu kumene akalime, amene angamuyankhulire pa mlandu ndiponso manda amene adzagone. Pambali pake pali magulu ena monga dambwe la Gule Wamkulu, mpingo ndi makalabu, ndipo munthu mmodzi amapezeka m'magulu angapo nthawi imodzi.

Kayendetsedwe kake

Mudzi wachichewa umayamba ndi gogo mmodzi wamkazi. Ana ake aakazi akabereka, aliyense amakhala tsinde la bele lake, ndipo mabele amasiyana ukulu potengera amene anayamba kubadwa. Ufumu nawo umayenda m'mabele momwemo: mfumu ikamwalira, amayi akuluakulu a banja lachifumu amakhala pansi n'kusankha wolowa dzina, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa malemuyo.

Mnyamata akakwatira amapita kukamanga kwa mkazi, umene ndi chikamwini. Akakhalitsa n'kuonetsa khalidwe, amatha kupempha eni mbumba kuti atenge mkazi kupita naye kwawo, ndipo pamenepo mkaziyo amakhala mtengwa. Banja lililonse limakhala ndi ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi. Mbale zikagundana m'nyumba, nkhani imayambira kwa iwowa, ikakanika imapita kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, ndipo ikalemera imakafika kubwalo la mfumu yaikulu.

Mbiri

M'zaka za m'ma 1800 nkhondo za Angoni zinachititsa Achewa ambiri kuthawira m'mapiri, ndipo anthu a Mazengera anabisala pa phiri la Nkhoma. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889. Mu 1896 Vlok anadzayamba ntchito m'tsinde mwa phiri la Nkhoma, m'dziko la Mazengera. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanabuke, likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kubwera ku Nkhoma, ndipo chipatala chinayamba mu 1915. Mu 1926 mipingo ya ku Nkhoma inalowa mu CCAP, yomwe mipingo ya ku Blantyre ndi ku Livingstonia inali itakhazikitsa mu 1924.

Kubwera kwa mishoni kunaika m'mudzi gulu latsopano lokhala ndi akulu ake, malamulo ake ndi bwalo lake. Mpingo unaletsa akhristu kulowa gule, kumwa mowa ndi kukwatira mitala. Poona kuti atsikana sangakule opanda mwambo, unayambitsa chilangizo m'malo mwa chinamwali, ndipo ntchito ya anamkungwi inapita m'manja mwa alangizi. Amayi a mpingo anakhalanso ndi bungwe lawo la Chigwirizano. Chotsatira chake, mbumba imodzi inayamba kukhala ndi akhristu ndi akudambwe, obadwa bele limodzi koma osiyana kopita tsiku la mwambo. Anthu a gule amatchulidwanso kuti a mpingo wa Aroni. Gule Wamkulu, yemwe amishoni ankalimbana naye, anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Maitanidwe ndi ulemu

Malo a munthu m'gulu amamvekera pa mmene anzake akumuitanira. Munthu wamkulu satchulidwa dzina lake laubwana. Bambo amaitanidwa ndi chiwongo, a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Nkhoma, pomwe mayi amakhala Anaphiri, Anabanda, Anambewe, Anankhoma. Ngakhale mbumba imatsata mayi, chiwongo ambiri masiku ano amatenga cha bambo, motero ana a akazi awiri apachibale amatha kukhala mbumba imodzi koma ziwongo zosiyana. Mwana akabadwa, makolo amapezanso dzina lina: amake Chikondi, abambo ake a Chikondi.

Mlongo wa mayi ndi atsibweni kapena amalume. Mng'ono wa mayi ndi amayi aang'ono, mkulu wawo ndi amayi aakulu, ndipo ana awo si asuweni ayi, ndi abale enieni. Asuweni ndi ana a amalume kapena a azakhali, ndipo pakati pa iwowa pali ufulu wonyogodolana, kulandana ndiwo m'mbale ngakhale kuitanana kuti amuna anga, akazi anga, popanda wokwiya. Agogo ndi mdzukulu amaserewulananso chimodzimodzi. Kwa apongozi zinthu zimatembenuka. Mkamwini wa mwambo akaona apongozi ake aakazi akubwera m'kanjira, amapatuka, n'kunjuta chapatali, n'kupereka moni akuomba m'manja maso ali pansi. Sadyera nawo mbale imodzi. Mlendo akafika pakhomo amaima pabwalo n'kunena kuti odi, ndipo moni weniweni umadikira mpaka atamuyalira mphasa.

Maliro ndi ntchito zothandizana

Pa maliro magulu onse amaonekera poyera. Uthenga umayamba wafika kwa mfumu anthu asanayambe kulira mokweza. Anyamata amaika masamba pamsewu kuti wa njinga atsike ndipo wa galimoto achepetse liwiro. Amayi amakhala m'siwa, abambo amagona panja pamoto, ndipo khomo lililonse limasonkha ufa kapena nkhuni. Adzukulu amalawirira kumanda kukakumba, ndipo tsiku limenelo mawu awo saphonyedwa. Ngati womwalirayo anali mkhristu, mwambo amayendetsa ndi akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano akuimba. Ngati anali wakudambwe, kumatuluka zilombo. Abale a mbali inayo amakhalapo ndithu, amangotalikira pang'ono. Anthu amati maliro n'kulirana, ndipo munthu wozemba maliro a anzake amadzaona yekha adzukulu akukana kugwira khasu tsiku limene zamugwera.

Kale kunali dima, pomwe mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana anzake kudzalima tsiku limodzi. Lero ganyu ndiye wachuluka. Kuthandizana kwasamukira ku makalabu a alimi, chiperegani cha amayi ochita geni pa msika wa Mitundu, ndi banki m'khonde, momwe woyankhula pa msonkhano popanda chilolezo kapena wofika mochedwa amalipira chindapusa.

Kusintha

Kuchepa kwa minda, sukulu ndi ntchito za mu mzinda wa Lilongwe zachititsa abambo ambiri kulera ndi kuphunzitsa okha ana awo, ntchito imene kale inkayang'ana amalume. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegulanso njira yolembetsa malo m'kaundula. Komabe pa ukwati, pa ufumu ndi pa maliro, zikuoneka kuti mawu a mwini mbumba akadali ndi mphamvu m'midzi yambiri ya derali.