Momwe thupi limalandirira mfundo ya m'chiuno yochita kupanga

Mfundo ya m'chiuno ikaperepeseka kapena kuthyoka, madokotala amatha kuichotsa ndi kuikapo yochita kupanga. Mfundoyi imakhala ndi mpira wolowa m'kachikho ndiponso tsinde lozikidwa m'fupa la ntchafu. Zipangizo zake ndi zitsulo za titanium, cobalt ndi chromium, pulasitiki ya polyethylene komanso ceramic.

Thupi silikana zipangizozi monga limakanira chiwalo cha munthu wina. Fupa limatha kumera ndi kugwirana ndi titanium, makamaka ngati chitsulocho chili chokhakhala. Ena amamata tsinde ndi simenti yapadera ya mafupa.

Vuto limadza chifukwa cha kukhulana. Munthu akamayenda, mpira ndi kachikho zimatulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso. Maselo oteteza thupi otchedwa macrophage amameza tizidutswati koma amalephera kutigaya. Kenako amatulutsa madzi oyambitsa kutupa, omwe amadzutsa maselo ena odya fupa. Fupa likadyeka, mfundo imayamba kugwedera ndipo pamafunika opaleshoni ina, yovuta ndi yodula kuposa yoyamba.

Dokotala wa ku England, Sir John Charnley, anaona zimenezi pa chipatala cha Wrightington. Zikho za Teflon zomwe ankagwiritsa ntchito poyamba zinkatha msanga ndi kuwononga minofu, choncho mu 1962 anasinthira ku polyethylene.

Mfundo za chitsulo chokhulana ndi chitsulo chinzake zinabweretsa vuto lina. Cobalt ndi chromium zimalowa m'magazi, ndipo mwa anthu ena minofu yozungulira mfundo imafa kapena kuchita zotupa zomwe si khansa. Mu 2010, kampani ya DePuy inachotsa pamsika mfundo zake za mtundu wa ASR, anthu pafupifupi 93,000 padziko lonse ataikidwa kale.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, polyethylene yolimbitsidwa mwapadera yachepetsa kwambiri tizidutswati.

Popeza fupa limatha kudyeka kwa zaka munthu osamva ululu, oikidwa mfundozi amafunika kujambulidwa X-ray nthawi ndi nthawi. Mayiko ambiri amasunga kaundula wa odwalawa pofuna kudziwa zipangizo zolephera msanga. Kuno ku Malawi, kaundula wotere anayamba mu 2005.