Njira ya Delaware Canal

Njira ya Delaware Canal ndi njira ya anthu oyenda pansi ndi okwera njinga yomwe ili m'paki ya Delaware Canal State Park, m'chigawo cha Pennsylvania ku United States. Ndi yotalika pafupifupi makilomita 95. Imayambira ku Easton n'kukathera ku Bristol, ndipo mbali yake yaikulu imatsata mtsinje wa Delaware. Ilibe zitunda, choncho ana ndi okalamba omwe amayendamo mosavuta.

Mbiri

Njirayi ili m'mphepete mwa ngalande yomwe inakumbidwa kuyambira mu 1827 mpaka 1832 kuti muzidutsa mabwato onyamula malasha. Mabwatowo ankakokedwa ndi nyulu zomwe zinkayenda m'njira imeneyi. Sitima zapamtunda zitalanda malondawo, mabwato anasiya kuyenda mu 1931, ndipo mu 1940 malowa anasanduka paki ya boma.

Njirayi imadutsanso ku Washington Crossing, komwe George Washington anawolokera mtsinjewu ndi asilikali ake usiku wa pa 25 December 1776.

Kusefukira kwa madzi

Mtsinje wa Delaware ukadzaza umawononga njirayi. Madzi osefukira a mu 2004, 2005 ndi 2006 anakokolola mbali zake zambiri, ndipo ntchito yokonza inatenga zaka zingapo.