Dima

Ku Zemba, m'boma la Chadiza, dima ndi kulimira pamodzi m'munda mwa mnzako popanda malipiro. Mwini munda amafulula mowa kapena thobwa, anthu nkulawirira ndi makasu awo. Ndalama palibe, koma aliyense amaona amene wabwera ndi amene wanamizira mutu.

Musalisokoneze ndi thangata, liwu lomwe eni minda achizungu adaliipitsa ku Nyasaland, mpaka John Chilembwe adaukira mu 1915.

Wogula soya amene amadzipereka pa misonkhano ya bungwe la amalonda ku Chipata, kuyala mipando ndi kulemba mayina a obwera, akulima dima lomweli. Tsiku lomwe adzasowe lole yonyamulira matumba, amadziwa kale woimbira foni.