Maulidi a pachilumba cha Lamu

Maulidi ndi chikondwerero chokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad. Pachilumba cha Lamu, kugombe la nyanja ya mchere ku Kenya, chimachitika m'mwezi wa Rabi al-Awwal pakalendala ya Chisilamu. Amene anachikuza ndi Habib Swaleh, shehe wobadwira kuzilumba za Comoros, yemwe anafika ku Lamu m'zaka za m'ma 1800 n'kukhazikitsa mzikiti wa Riyadha.

Shehe ameneyu analowetsa ting'oma ta m'manja mumzikiti poimba ndakatulo zotamanda Mtumiki, ndipo mabanja otchuka a m'tauni ya Lamu sanakondwe nazo. Komatu chachikulu sichinali ting'omato. Iye anatsekulira khomo akapolo, ana awo ndi anthu okwera mitengo ya kokonati, omwe mabwana sankafuna kukhala nawo pamkeka umodzi.

Habib Swaleh anamwalira mu 1935. Mpaka lero, pachimake pa mwambowu anthu amandandana m'tinjira topanikiza ta m'tauni, mbendera zili m'mwamba, ulendo wa kumanda ake. Mipikisano ya abulu, ya mabwato a matanga ndi yosambira imakokanso alendo kutauni yakaleyi, yomwe UNESCO inaika pamndandanda wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2001.